"Wanenepa, Ukudya Bwino": Kodi N'zoonadi?

 

Mutu umene ndikambe lero ndi wa kunenepa mopitirira muyeso. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka chamumtima. Mukuti, kuno ku Euthini, kumene mwezi wa Januwale ndi Febuluwale mabanja ambiri amadya kamodzi patsiku, tizikamba za kunenepa? Amenewo si mavuto a azungu? Ndipempha kuti mundimvetsere kaye mpaka kumapeto, kenako tikambirane.

Tiyambe ndi manambala a kwathu konkuno. Boma limachita kafukufuku wamkulu wa zaumoyo kudzera ku ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba. M'chaka cha 1992 anapeza kuti amayi 10 mwa amayi 100 alionse anali ndi thupi lolemera kuposa muyeso. Pofika 2010 anali 17. Mu kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anafika 21. Ndiye kuti pa zaka zosakwana 25, chiwerengero chinawirikiza kawiri. Kafukufuku wina anachitika kuno kumpoto, ku Chilumba m'boma la Karonga, komanso ku Area 25 ku Lilongwe, pakati pa 2013 ndi 2016. Bungwe la MEIRU linayeza anthu pafupifupi 29,000. Mtauni anapeza kuti amayi 44 ndi abambo 18 mwa 100 alionse anali onenepa kuposa muyeso. Kumudzi ku Karonga anali amayi 27 ndi abambo 9. Mwamva? Kumudzi, osati ku Area 10 ayi. Mayi mmodzi mwa amayi anayi alionse.

Chimene chimapweteka kwambiri n'chakuti kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 yemweyo anapezanso kuti ana 37 mwa ana 100 osapitirira zaka zisanu anali okwinimbira. Zikutheka ndithu kuti m'nyumba imodzi, mayi ndi wonenepa kwambiri koma mwana wake sakukula bwino. Sizikutsutsana ayi. Onse awiri akudya chakudya chokhutitsa koma chosowa zomanga thupi: nsima yambiri, tiyi wa shuga, mandasi, ndiwo pang'ono. Mimba yadzaza, koma thupi silinalandire zimene limafuna.

N'chifukwa chiyani tide nkhawa? Chifukwa kunenepa kwambiri sikubwera kokha. Kumabwera ndi matenda a shuga, BP, matenda a mtima, sitiroko, kupweteka kwa mawondo ndi msana, komanso zovuta pa nthawi ya pakati. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi shuga. Ambiri mwa iwo samadziwa n'komwe. Malungo amakugwetsa, umadziwa kuti ndadwala. BP ndi shuga zimakudya mwakachetechete kwa zaka, mpaka tsiku lina timangomva kuti bambo uje agwa ndipo mbali imodzi yafa. Zikatero pamudzi timayamba kulozana zala, kuti wamulodza ndi wakuti. Pamenepo banja layamba ulendo wa ku Boma kapena ku Mzuzu Central, ndalama ya fizi ndi ya feteleza yathera pa thiransipoti. Ndiye musati nkhaniyi ndi ya akuluakulu okha. Kholo likagwa, woyamba kusiya sukulu ndi iwe ndi ine.

Tsopano tiyeni tipite ku America pang'ono, chifukwa akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Iwowa anayamba kupsa kalekale ndipo tikhoza kuphunzirapo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, akuluakulu pafupifupi 13 mwa 100 ku America ndiwo anali onenepa kwambiri. Pofika 2000 anali cha m'ma 30. Mu 2017 mpaka 2018 anapitirira 42. Funso ndi lakuti, chinachitika n'chiyani? Kodi anthu a dziko lonse anangodzuka tsiku lina n'kusanduka aulesi ndi adyera? Ayi. Magazi a mtundu wa anthu sasintha pa zaka 50. Chimene chinasintha ndi malo amene anthuwo akukhala ndi chakudya chimene chawazungulira.

Choyamba, shuga ndi mafuta zinatchipa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 makampani anayamba kupanga madzi otsekemera kuchokera ku chimanga n'kumawathira m'zakumwa ndi m'zakudya zambiri. Chachiwiri, muyeso unakula. Botolo loyambirira la Coca-Cola linali la mamililita pafupifupi 190, koma lero botolo limene munthu mmodzi amagula ku America ndi la pafupifupi 590. Chachitatu, anthu anachepetsa kuphika pakhomo n'kuyamba kudalira zakudya zogula zophikaphika ndi za m'mapaketi. Chachinayi, ntchito zinasanduka zokhala pampando, ndipo mizinda yambiri inamangidwa moti popanda galimoto sungafike olo pagolosale. Pamwamba pa zonsezi pali otsatsa malonda amene amalondola mwana kuyambira pa TV mpaka pafoni.

Pali kafukufuku mmodzi amene amaonetsa bwino nkhaniyi. Mu 2019 katswiri wina dzina lake Kevin Hall, wa ku bungwe la boma la America lofufuza zaumoyo, anasunga anthu 20 pamalo amodzi kwa mwezi. Milungu iwiri amawapatsa zakudya zopangidwa kufakitale, milungu ina iwiri zakudya zophikidwa kuchokera ku zinthu zachilengedwe. Anawauza kuti idyani mmene mungafunire. Pa zakudya za kufakitale, anthu omwewo amadya makalori pafupifupi 500 owonjezera tsiku lililonse, ndipo ananenepa pafupifupi kilo imodzi pa milungu iwiri. Pa zakudya zachilengedwe, anachepa thupi ndi pafupifupi kilo imodzi. Munthu yemweyo, mtima womwewo, koma mbale yosiyana. Mfundo yanga yaikulu lero ndi imeneyi: anthu ambiri sanenepa chifukwa choti ndi ofooka mtima. Amanenepa chifukwa choti zimene zili pafupi, zotchipa komanso zokoma ndi zimene zimanenepetsa.

Ndiye tayang'anani pa trading centre pathu pano. Werengani ziwaya za tchipisi. Werengani mabeseni a mandasi ndi zigege. Onani mafiriji a zoziziritsa kukhosi, ndi timapaketi ta zokhwasula takuti mwana akapatsidwa ndalama ya kusukulu amathamangira komweko. Agogo athu amayenda wapansi mitunda italiitali, amasinja pamtondo, amapera mawere pamphero. Ife pakamtunda koti n'kuyenda mphindi 15 timaimitsa kabaza. Sindikunena kuti chigayo ndi njinga yamoto n'zoipa ayi, zapepukitsa moyo, makamaka wa amayi athu. Koma ntchito imene thupi limagwira yachepa, pamene shuga ndi mafuta zimene tikulipatsa zachuluka. Njira imene America anadutsa ndi yomweyi, kungoti ife tili kumayambiriro kwake.

Kuno ku Mzimba tilinso ndi khomo lina limene zinthuzi zikulowera, ndilo Joni. Ndani muno alibe m'bale ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town? Ndalama akutumiza zamanga nyumba za malata ndipo zalipira fizi ya ambiri a ife. Tiziwathokoza. Koma dziwani kuti South Africa ndi limodzi mwa mayiko amene vutoli lakula kwambiri mu Africa. Kafukufuku wawo wa 2016 anapeza kuti amayi 68 mwa 100 anali olemera kuposa muyeso, ndipo mu 2018 boma lawo linaika msonkho pa zakumwa za shuga. M'bale wathu akamagwira ntchito maola ambiri kumeneko, chakudya chapafupi ndi kota, buledi woyera, tchipisi ndi botolo la malita awiri. Akabwera pa Khirisimasi atatupa masaya, tonse timati, "Eee, Joni yakuyanjani!" Ndipo pakhomo ndalama ikafika, chizindikiro choyamba choti zinthu zasintha ndi shuga wambiri mu tiyi, mafuta oyandama pa ndiwo ndi kireti ya zakumwa. Nkhwani wotendera timayamba kumuona ngati chakudya cha amphawi.

Pamenepa ndi pamene pali vuto lathulathu, la m'mutu. Kwathu kuno kunenepa ndi ulemu. Mkazi akanenepa pabanja timati mwamuna wake akumusamala. Bambo akatulutsa mimba timati ndi bwana. Ndipo tisabise, m'zaka zimene Edzi inapha anthu ambiri, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, munthu akaonda anthu amanong'onezana. Mantha amenewo sanathe. Alipo anthu amene adokotala anawauza kuti achepetse thupi, koma akuopa kuti anthu aziti chiyani. Anzanga, sikelo siyeza HIV. Munthu wonenepa akhoza kukhala nako kachilombo, woonda akhoza kukhala alibe. Choyezera chili kuchipatala basi.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti wapitirira muyeso? Pali njira ziwiri zosavuta. Yoyamba ndi imene azaumoyo amaitcha BMI. Tengani makilo anu, mugawe ndi msinkhu wanu wa m'mamita mutauchulukitsa ndi womwewo. Mwachitsanzo, munthu wa makilo 70 wotalika mamita 1.60: 1.60 kuchulukitsa ndi 1.60 ndi 2.56, ndipo 70 kugawa ndi 2.56 ndi 27. Pansi pa 18.5 ndiye kuti thupi lachepa. Kuyambira 18.5 mpaka pansi pa 25 zili bwino. Kuyambira 25 mwapitirira, ndipo 30 kupita m'mwamba ndiye kunenepa kwambiri kuja. Manambala amenewa ndi a akuluakulu, osati ana kapena amayi oyembekezera. Njira yachiwiri sifuna olo masamu. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuchokera kumutu mpaka kuphazi, muchipinde pakati, ndiye muzungulize m'mimba cha pamchombo. Chikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo mafuta a pamimbawo ndi amene amayenda kwambiri ndi shuga ndi BP.

Tsopano za kuchepetsa thupi. Ndiyambe ndi zimene sizithandiza, chifukwa pafoni pathu zadzaza. Mwawaona ma tiyi ochepetsa mimba, malamba omanga m'chiuno, mapiritsi opanda dzina amene amagulitsidwa pa WhatsApp. Ambiri mwa ma tiyi amenewa amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chimene chimachoka ndi madzi, osati mafuta, ndipo mawa lake abwerera. Lamba amangokutulutsa thukuta. Safunsa anadya phula, anzanga. Musamwe chinthu chimene simukudziwa kuti muli chiyani, ngakhale wogulitsayo akhale mnzanu wa kutchalitchi.

Kudzimana chakudya koopsa nakonso sikuthandiza. Ku America kunali pulogalamu ya pa TV yotchedwa The Biggest Loser, imene anthu amapikisana kuonda mofulumira. Akatswiri anatsatira anthu 14 a mu pulogalamuyo, ndipo mu 2016 anafalitsa zimene anapeza: patatha zaka zisanu ndi chimodzi, ambiri anali atabwezeretsa makilo ambiri amene anataya, ndipo matupi awo amagwiritsa ntchito mphamvu zochepa kuposa kale. Thupi ukalimana mwankhanza limaganiza kuti kwagwa njala, ndiye limayamba kusunga. Apa ndilankhule ndi inu asisi anga makamaka. Zithunzi za pa TikTok ndi Instagram zisakupusitseni. Ena akufuna kuonda ngati ndodo, ena akugula mankhwala oti akulitse mahipi. Zonse ziwiri n'zoopsa. Mtsikana amene akukula akamadumpha chakudya amadziitanira kuchepa kwa magazi ndi chizungulire m'kalasi. Cholinga si kuoneka ngati munthu wa pafoni, cholinga ndi kukhala wathanzi.

Mwina mwamvanso za jakisoni wochepetsa thupi. Alipodi. Mankhwala ake ndi semaglutide, amene amagulitsidwa ndi mayina a Ozempic ndi Wegovy, ndipo America inavomereza Wegovy mu 2021. Amabayidwa kamodzi pamlungu ndipo amachepetsa chilakolako cha chakudya. Amagwiradi ntchito, koma atangotuluka mtengo wake unali woposa madola 1,000 pamwezi, amafuna dokotala wokuyang'anira, ndipo anthu akasiya kubaya, gawo lalikulu la makilo aja limabwerera. Dziko lolemera ngati America likulipira ndalama zankhaninkhani kuchiza chinthu chimene ife tikadali ndi mpata wochipewa.

Nanga chimathandiza n'chiyani? Yankho linachokeranso ku America konko. Mu 2002 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga. Gulu limodzi analipempha zinthu ziwiri zokha: kuchepetsa thupi ndi magawo 7 pa 100, komanso kuyenda ndawala mphindi 150 pamlungu. Chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi magawo 58 pa 100, kuposa gulu limene linapatsidwa mapiritsi. Taganizani, kwa munthu wa makilo 70, magawo 7 pa 100 ndi makilo 5 okha. Mphindi 150 ndi theka la ola, masiku asanu pamlungu. Sipakufunika jimu, sipakufunika ndalama. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndiye nazi zinthu zimene tingayambe mawa lomwe.

Yambani ndi zakumwa. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire masupuni aang'ono 12 a shuga patsiku, ndipo zingakhale bwino koposa atakhala 6. Botolo limodzi la mamililita 300 la chakumwa chotsekemera lili ndi masupuni pafupifupi 8. Onjezani masupuni anayi a mu tiyi wa m'mawa, mwamaliza kale muyeso wa tsiku lonse dzuwa lisanafike pamutu. Kuti muwotche mphamvu ya botolo limodzilo mufunika kuyenda pafupifupi theka la ola. Shuga wa ku Dwangwa ndi ku Nchalo amathiramo vitamini A, n'zoona, koma chimenecho si chifukwa chothirira masupuni asanu. Chotsani supuni imodzi mlungu uno, ina mlungu wamawa, lilime lizolowera. Thobwa ndi chindongwa nazonso tisamazidzaze shuga. Ndipo anyamata, mowa nawo umanenepetsa, mimba ija sichokera kumwamba.

Chachiwiri, mafuta. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi mphamvu yofanana ndi ya botolo la chakumwa lija. Muziyeza ndi supuni, osangopungulira kuchokera m'botolo. Tchipisi cha pachiwaya chikhale cha apo ndi apo, osati nkhomaliro ya tsiku ndi tsiku. Mbatata yophika, chinangwa, chimanga chootcha, mtedza, nthochi, mango, magwafa ndi masuku pa nyengo yake, zonsezi zimakhutitsa ndipo zambiri zili kuseri kwa nyumba.

Chachitatu, mbale ya nsima. Sindikuti musiye nsima, mungandithamangitse muno. Ndikuti tisinthe kagawidwe. Tinazolowera phiri la nsima ndi ndiwo zongonyambita. Tiyeni ndiwo zamasamba zichuluke, mitanda ichepe. Amene amadya mitanda inayi koma tsiku lonse amakhala mu shopu ayesere iwiri. Amene walima kuyambira m'bandakucha, ameneyo adye, thupi lake lagwira ntchito. Ndipo mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, chifukwa pokonola ndi ponyika chimanga timataya gaga amene amathandiza kuti munthu akhute nthawi yaitali. Nkhumba ndi nkhuku zikudya zabwino, ife tikudya zotsala. Kumbukirani magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene tinaphunzira kusukulu: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Nyemba, usipa, mazira, bonongwe, chisoso, khwanya, nsima ya mawere, izi si zakudya za amphawi. Ku America anthu olemera ndi amene amalipira ndalama zambiri kuti adye zoterezi. Ife Angoni timadziwika ndi nyama, palibe wotsutsa, koma makolo athu amene amadya nyamayo amayendanso tsiku lonse ndi ng'ombe kudambo. Mcherenso tichepetse. WHO imati usapitirire magalamu 5 patsiku, imene ndi supuni yaing'ono imodzi.

Chachinayi, kuyenda. Paulendo waufupi, siyani kabaza, ndalamayo musunge. Achinyamata osakwana zaka 18 amafunika ola limodzi tsiku lililonse lochita zinthu zotulutsa thukuta. Mpira wamiyendo, wamanja, kupalasa njinga, kulima, kutunga madzi, zonsezi zimawerengedwa. Ingoma nayo ndi masewera olimbitsa thupi okwana. Tisamadikire Umthetho wa ku Hora mwezi wa Ogasiti kuti tivine. Ndipo tizigona mokwanira. Amene amachezera pafoni mpaka 1 koloko usiku amadzuka ndi njala ya zotsekemera.

Pomaliza, ndili ndi mapempho atatu kwa kalabu yathu. Loyamba, pa misonkhano ndi pa zochitika zathu tisamangogula kireti ya zakumwa ndi mabisiketi. Tiyesere madzi abwino, zipatso ndi mtedza, zitchipanso. Lachiwiri, tipemphe alangizi a zaumoyo a m'dera lathu kuti tsiku lina abwere ndi sikelo ndi makina oyezera BP, ndipo aliyense wa ife abwere ndi kholo limodzi. Kuyeza BP sikupweteka ndipo sikutenga olo mphindi zisanu. Amene ali kale pa mankhwala alionse, kaya a BP, a shuga, a kulera kapena ma ARV, ndipo akuona kuti thupi likukwera, asasiye mankhwala payekha, akafotokoze kuchipatala.

Pempho lachitatu ndi lalikulu kuposa onse: tisanyoze munthu chifukwa cha thupi lake. Mayina aja timaitanirana, a chidyamakanda cha nsima, a duntu, a chitsulo cha njanji kwa woonda, tiwasiye. Matupi amasiyana, ena anatengera kumtundu, ena ndi mankhwala, ena ndi uchembere. Munthu ukamunyoza sachepa thupi, amangosiya kubwera ku mpira ndi ku kalabu. Ndipo mukapita kunyumba musakayambe kuti, "Amama, mwanenepa kwambiri." Mudzaona chikuni. Kayambeni ndi ntchito. Tsiku limene mukuphika ndinu, chepetsani mafuta ndi mchere, onjezani masamba. Auzeni kuti, "Amama, tiyeni ndikuperekezeni tikayezetse BP." Abale athu a ku Joni akaimba foni, tiziwafunsanso ngati anayezetsa, osangofunsa kuti ndalama mutumiza liti.

Chakudza sichiimba ng'oma, anzanga, koma ichi tachiona chikubwera. Anthu a ku America anazindikira vuto litakula kale. Ife dimba tikadali nalo, miyendo tikadali nayo, ndipo zakudya zimene madokotala akulimbikitsa ndi zomwe agogo athu anatiphunzitsa kuphika. Tisazitaye pofuna kuoneka otsogola.

Amene muli ndi mafunso kapena maganizo ena, lembani pansipa kapena tikumane pa msonkhano wotsatira. Mubwere ndi chingwe, tidzayezane.